Mphepo Ili ndi Mwini

Atate anga, a Kamzimbi, ali ndi kachipinda ku Chilenje
komwe ena akanasungiramo makala.
Waya amatulukira pa zenera, nakwera mtengo wa mapeyala,
nadumpha mpanda kukagwira chitsulo cha thanki ya madzi.
Ndiye khutu lawo, ndiye pakamwa pawo.

Magetsi akathima, monga amachitira,
batire la galimoto yomwe tinagulitsa kalekale
limadzutsa kanyali kobiriwira,
ndipo m'phokoso longa mvula pa malata
mumatuluka munthu wa kutali,
kufunsa ngati kuno kukuzizira.

Lachiwiri lina m'mwezi wa fumbi
panaima galimoto yoyera pa geti.
Anatsika Mayi Hamusonde, jekete la boma,
m'manja kachipangizo konunkhiza mafunde.
Anayeza mphamvu ya wailesi: sinapyole malire.
Anatsegula kope lomwe atate amalembamo
aliyense amene analankhula naye,
tsiku, ola, ndi momwe mawu anamvekera,
kuyambira ine ndisanamere mano.
Anatembenuza masamba mwaulemu.
Kenaka anaika chala pa pepala la pa khoma.

"Chilolezo chanu chinatha mu Malichi."

Malichi ndi mwezi womwe tinaika amayi.
Atate sanatchule zimenezo.
Anangovula magalasi n'kuwapukuta ndi malaya.

"Mphepoyi ili ndi mwini," anatero mayiyo,
"ndege zimadutsamo, ambulansi zimadutsamo."
Anamanga cholankhulira ndi kawaya kopyapyala,
nafinyirapo chidindo.

Ine ndiye ndinapsa mtima.
Nanga alonda a m'masitolo a ku Kamwala,
ndi timawailesi tawo togula pa msika,
ongotukwanizana usiku wonse za ngongole ndi za mpira,
ndani anawafunsapo pepala?
Anandiyang'ana wotopa, mlomo wouma.
"Iwo sitidziwa komwe agona.
Atate anu anatipatsa adiresi."

Basi, mafomu. Mzere. Risiti.
Bwerani mawa, wosaina wapita ku msonkhano.
Bwerani Lolemba, makina agona.
Nsapato za atate zinauloweza msewu wa m'tauni.

Kumvera kokha sikuletsedwa,
choncho ankamvera.
Lachinayi lililonse mnzawo wa ku Nampula,
munthu amene sanamuonepo nkhope zaka makumi awiri,
ankaitana nambala yawo katatu,
n'kudikira,
n'kuitananso.
Ndinkaona chala cha atate
chikugogoda pa thebulo, kachidutswa, kotalika, kachidutswa,
kuyankha thabwa.

Ndinati: dulani kawayako, aone ndani?
Anati: "Mphepo ilibe chitseko, mwanawe.
Ndikatsokomola kuno amva ku Mongu.
Komanso ndinasaina ndi dzanja langa."

Masabata khumi ndi limodzi.
Mapeyala anachita maluwa, waya ali chete pakati pake.

Tsiku lomwe pepala linatuluka
Mayi Hamusonde anabwera okha, ataweruka,
ndi kapulayala m'chikwama.
Linali Lachinayi. Sindidziwa ngati anachita dala.
Kawaya kanagwa pansi osamveka.
Kanyali kanayaka, mvula ya pa malata inayamba,
ndipo Nampula inalowa m'chipinda
ndi mawu osasa, okalamba, ofuula:
ndimayesa mwafa!

Atate anaseka mpaka kutsokomola,
ndipo mwina ku Mongu anamvadi.
Mayi wa boma anaima pa khomo, maso ali tong'o,
ngati mwana woona njanji koyamba.
Zaka zonsezi akulondera mphepo
anali asanaimvepo ikufunsa za moyo wa munthu.
Anasendera. Dzanja linapita lokha ku cholankhulira.
"Ndingawapatseko moni?"

Atate anavala magalasi,
namuyang'ana kuyambira ku nsapato,
nakankhira mpando kwa iye kuti akhale,
koma cholankhulira anachifumbata pa chifuwa.

"Pepani mayi," anatero.
"Chilolezo chanu chili kuti?"